Pampu tinagula ndife, kiyi anatsala ndi wogulitsa

M'chilimwe chapitachi, dzuwa lili paliwombo, pampu ya sola ya kusikimu ya kwathu inangoleka kukoka madzi. Sinapse, sinatulutse utsi, ngakhale kafungo ka waya wopserera panalibe. Kabokosi kotuwa kamene kali pansi pa mapanelo, kamene kamauza mota nthawi yozungulira ndi nthawi yopuma, kanangoyamba kuphethira nyale yofiira: katatu, n'kupuma, katatu, n'kupuma. Atcheya a sikimu anaimbira foni kampani imene inadzaika pampuyo. Kumeneko anati wodziwa zimenezo ali kumpoto, abwera sabata yamawa, ndipo gulu likonzeretu mafuta a galimoto ndi alawansi yake. Sabata yamawayo inafika, inadutsa, kunabwera inzake. Maluwa a tomato anayamba kuyoyoka, amayi n'kubwerera ku ndowa ndi zitini, ulendo wa kudambo m'mawa ndi madzulo monga zinalili sikimu isanabwere.

Mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira zamagetsi kukoleji ya ntchito zamanja, analephera kuugwira mtima. Anatenga sikuludiraiva n'kutsegula kabokosiko, ine nditamutambasulira chitenje pamutu kuti dzuwa lisaphe sikirini ya laputopu yake. M'katimo munalibe chopsa chilichonse. Munali kabolodi kobiriwira, ndipo pakona pake, pafupi ndi polowetsera SIM kadi, panali timapini tinayi toima ngati mano a chipeso. Analumikiza timapinito ku laputopu ndi kachingwe kamene samakasiya m'chikwama mwake, ndipo pa sikirini yakuda panayamba kutsika mizere ya zilembo, yambirimbiri, mothamanga. Nkhope ya mnyamatayo inawala. Kenako mizere ija inaima, pansi pake n'kutsala kamzere kamodzi kofunsa pasiwedi.

"Amalume, bokosili likudziwa pamene pakuliwawa," anatero. "Likufuna kunena, koma analiuza kuti lisamalankhule ndi ife."

"Nanga limalankhula ndi ndani?"

Anangoloza SIM kadi ija.

Patatha masabata atatu, gulu litasonkha n'kulipira, munthu wina amene sitinamuonepo nkhope, ali paofesi kunja kwa dziko lino, analowa m'kabokosi kathu kudzera pa netiweki ya foni. Anawerenga zimene kabokosiko kankalemba masiku onsewo, n'kupeza kuti kachipangizo koyeza madzi m'chitsime kankanamiza bokosi kuti chitsime chaphwa. Anasintha nambala imodzi. Pampu inayamba kulira ife tili chilili, palibe wakhudza kanthu. Ena anaomba m'manja. Ine manja anga anali m'thumba, ndipo mpaka lero ndikamakumbukira tsiku limenelo mtima umandiwira.

Musandimve molakwika. Luso lolowa m'makina ali kutali n'kupeza chimene chavuta ndi limodzi mwa maluso okoma kwambiri amene anthu a zamakompyuta anatulukira. Chimene chikundiwawa n'chakuti khomo lolowera lilipo pa pafupifupi chipangizo chilichonse chimene tikugula masiku ano, koma kiyi wake satipatsa, ndipo amene amasaina makontirakiti m'malo mwathu safunsa n'komwe kuti kiyiyo ali kuti. Amawerenga mtengo, amawerenga zaka za chitsimikizo, amajambulitsa podula riboni, basi.

Tiyambe tamvetsetsana kaye za chinthu chimene tikukambachi. Tikati kompyuta, ambiri timaganiza za ya padesiki, yokhala ndi sikirini ndi mabatani. Koma makompyuta ochuluka padziko lapansi alibe zonsezo. Anabisala m'mita ya magetsi ili pakhoma panu, m'firiji yosungira katemera kuchipatala chaching'ono, m'kamakina kolipirira ndi kadi m'sitolo, m'maloboti a pamsewu, m'injini ya minibasi, m'sola ya pangongole imene imadzithimitsa yokha mukachedwa kulipira. Akatswiri amazitcha embedded systems: kakompyuta kokwiriridwa m'chipangizo, kogwira ntchito imodzi moyo wake wonse. Pulogalamu ya m'kati mwake ikalakwitsa, ilibe pakamwa podandaulira. Imangophethira nyale, kapena kungoti zii.

Ndiye amakonza bwanji chinthu chopanda pakamwa? Amachibwereka pakamwa. Injiniya amakhala ndi kompyuta yake yaikulu, n'kuilumikiza ku kachipangizoko kudzera pa timapini tonga tija tinaona kusikimu, kapena pa timapini tina totchedwa JTAG tolowera mpaka mu mtima wa tchipi, kapenanso pa netiweki ngati chipangizocho chili patali. Pali pulogalamu yaulere yotchuka kwambiri yotchedwa GDB, imene ili ndi kamwana kake kotchedwa gdbserver. Kamwanako kamakhala m'chipangizo, mayi wake ali pa laputopu ya injiniya, awiriwo n'kumatumizirana mauthenga. Injiniya amatha kuuza pulogalamu kuti ikafika pamzere wakutiwakuti iime, iye n'kusuzumira kuti nambala zili m'mutu mwake panthawiyo ndi ziti, kenako n'kuilola kuponda phazi limodzi, n'kuiimitsanso. Zili ngati kutsata mapazi a mbuzi yosochera, kuwerama pa phazi lililonse mpaka utapeza pamene inakhotera.

Ntchitoyi ili ndi minga yake. Pulogalamu yoyendetsa mota sungangoiimitsa pakati mota ili m'kati mozungulira. Ndipo pali zolakwika zina zochenjera ngati kalulu, zimene zimabadwa pokhapokha zinthu ziwiri zikachitika pa kamphindi kamodzi. Ukangoimitsa pulogalamu kuti uone, kamphindi kaja kasintha, vuto labisala. N'chifukwa chake opanga anzeru amaika m'chipangizo kabuku kamene chimalembamo chokha zonse zimene chikuchita, kamene amakatcha log, ndiponso mlonda amene amachizimitsa n'kuchiyatsanso chikangoti kakasi. Kabuku kameneko ndi kamene mlendo uja anawerenga pa pampu yathu. Kanali kolemba za chitsime chathu, madzi athu, dzuwa lathu, koma ife eni ake tinalibe chilolezo chokatsegula.

Amene amati zoterezi n'zovuta chifukwa midzi yathu ili kutali, ndiwauze za zombo ziwiri.

Pa 4 Julaye 1997 chombo cha NASA chotchedwa Mars Pathfinder chinatera pa Mars, chitanyamula kagalimoto kakang'ono kotchedwa Sojourner. Patangopita masiku ochepa, kompyuta ya chombocho inayamba kumadzizimitsa n'kudziyatsanso yokha. Ikatero, ntchito yotsala ya tsikulo inkadikira mawa. Panalibe woti n'kumutumiza ndi sikuludiraiva. Mainjiniya a ku Jet Propulsion Laboratory ku California anali ndi chombo china chofanana nacho m'labotale, ndipo m'pulogalamu yake, yomangidwa pa VxWorks ya kampani ya Wind River, anali atasiyamo dala zida zolembera chilichonse chochitika m'kati. Zida zomwezo zinalinso m'chombo chimene chinali pa Mars, chifukwa mfundo yawo inali yoti chimene wayesa pansi ndi chomwecho chimene ukweze kumwamba, osachotsamo kanthu. Anayendetsa chombo cha m'labotale mobwerezabwereza mpaka vuto lija linaonekera, ndipo Glenn Reeves, amene ankatsogolera gulu lolemba pulogalamuyo, analemba pambuyo pake kuti sizinakwane maola 18.

Chimene anapeza n'chosavuta kumva ngakhale kwa munthu amene sanagwirepo kompyuta. Taganizani pabwalo pali mtsuko umodzi ndi chikho chimodzi. Kamwana katenga chikho kuti kamwe. Kasanabweze, nduna zafika n'kukauza kuti kakhale pansi kadikire, akuluakulu akulankhula. Mfumu ili ndi ludzu, ikudikira chikho. Chikho chili ndi mwana. Mwana watsekerezedwa ndi nduna. Mfumu ndi yaikulu kuposa nduna, koma mapeto ake ikudikira nduna. M'chombomo, mwana anali kantchito koyeza nyengo, mfumu inali ntchito yogawa mauthenga pakati pa zipangizo, ndipo mlonda akaona kuti mfumu yachedwa ankaganiza kuti zinthu zasokonekera, n'kuzimitsa zonse. Mankhwala ake anali lamulo limodzi: mwana akagwira chikho chimene mfumu ikufuna, apatsidwe ulemu wa mfumu mpaka atachibweza. Lamulolo linalimo kale mu VxWorks, kungoti silinayatsidwe pamalo amenewo. Analiyesa pansi, anatumiza kusinthako pa wailesi, chombo chinachira.

Nkhani yachiwiri ndi yaposachedwa, ndipo imandiimitsa tsitsi. Voyager 1 inanyamuka pa 5 Seputembala 1977, ambiri mwa amene mukuwerenga muno musanabadwe. Pa 14 Novembala 2023, ili pamtunda wa makilomita oposa 24 biliyoni, inayamba kutumiza zinthu zopanda mutu. Inkamva malamulo, koma zimene inkayankha zinali zosawerengeka. Uthenga wa pa wailesi umatenga maola 22 ndi theka kuti ufike kumeneko, ndi maola enanso 22 ndi theka kuti yankho libwere. Ukafunsa funso Lolemba m'mawa, yankho ulilandira Lachitatu. Amene anapanga makompyuta akewo ambiri anapuma ntchito kalekale, ena anatisiya, ndipo gulu la lero linkafufuza m'mapepala akale a zaka za m'ma 1970. Miyezi inadutsa. Kumayambiriro kwa Malichi 2024 anatumiza lamulo longoigwedeza pang'ono kompyuta yovutayo, ndipo m'zimene zinabwerako injiniya wina wa NASA anazindikira kuti chombocho chatumiza zonse za m'mutu mwa kompyutayo. Atayerekeza ndi mmene zinalili kale, anapeza kuti tchipi imodzi yafa, yotenga pafupifupi magawo 3 pa 100 alionse a malo osungira. Panalibe malo amodzi okwanira kusamutsirako pulogalamu imene inali pa tchipi yakufayo, choncho anaidula zidutswa n'kuzimwaza m'timipata totsala, n'kukonza kuti zidutswazo zizipezana. Anatumiza gawo loyamba pa 18 Epulo. Pa 20 Epulo chombocho chinalankhula zomveka, ndipo pofika Juni zipangizo zake zonse zinayi za sayansi zinali zikutumizanso zimene zikuona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha; apa nkhonoyo inali kunja kwa dera la mphepo ya dzuwa.

Tsopano ikani nkhani zimenezi pambali pa pampu yathu. Chombo cha zaka 46 chinakonzedwa pamtunda wa makilomita 24 biliyoni. Pampu ya zaka ziwiri inagona masabata atatu pamalo pamene minibasi imafika tsiku lililonse, pali mnyamata wophunzira, laputopu ili pamiyendo, chingwe cholumikizidwa kale. Mtunda sunali vuto. Kusiyana kwake n'kwakuti eni chombo anali ndi mapepala ake, pulogalamu yake, ndi ufulu wolowa m'chinthu chawo. Ife tinali ndi risiti.

Ndikudziwa chimene ogulitsa ayankhe, ndipo sindichipeputsa. Adzati khomo lotseguka limalowetsa mbala. Zoona. Mu 2015 akatswiri awiri, Charlie Miller ndi Chris Valasek, analowa m'galimoto ya Jeep Cherokee kudzera pa netiweki ya foni, mtolankhani wa magazini ya Wired akuiyendetsa pamsewu waukulu pafupi ndi St. Louis, n'kuifooketsa iwo ali kunyumba. Kampani ya Fiat Chrysler inaitanitsa magalimoto 1.4 miliyoni kuti akonzedwe. Chaka chotsatira, pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inkangoyendayenda pa intaneti kugogoda pa makamera ndi timakina ta intaneti ta m'nyumba, ikuyesa mapasiwedi pafupifupi 60 amene opanga amasiya osasintha. Inasonkhanitsa zipangizo zambirimbiri, ndipo mu Okutobala 2016 zinagwiritsidwa ntchito kugwetsa kampani ya Dyn, anthu ochuluka ku America n'kulephera kutsegula Twitter ndi Netflix. Walira mvula walira matope: amene akufuna chipangizo cholowereka ali kutali avomerenso kuti wina woipa mtima adzayesa kulowa.

Koma taonani bwinobwino zimene nkhani zimenezi zikuphunzitsa. Mu Jeep ija, mwini galimoto sanapatsidwe kiyi wina aliyense; khomo analisiya pululu ndi wopanga. Makamera a Mirai sanagwidwe chifukwa eni ake ankadziwa zambiri. Anagwidwa chifukwa eni ake sankadziwa n'komwe kuti kumbuyo kuli khomo. Kubisira mwini nyumba kuti nyumba yake ili ndi khomo la kuseri sikutchinga mbala. Chotchinga mbala ndi loko wolimba, kiyi wosiyana pa chipangizo chilichonse, ndi kaundula wosonyeza amene walowa, tsiku lake ndi chimene wasintha. Zonsezi zimatheka kiyi ali m'manja mwa mwini. Pampu yathu khomo inali nalo kale, lotseguka usana ndi usiku kudzera pa SIM kadi, ndipo palibe anatifunsa ngati tikulifuna. Chitetezo chimene amatiuzacho chinkatchinga munthu mmodzi yekha: mwana wa mlongo wanga.

Ndipo amene angathe kudzutsa makina ali kutali angathenso kuwagoneka ali kutali. Mu 2022 wailesi ya kanema ya CNN inalengeza kuti mathirakitala ndi makina okolola a John Deere amene asilikali a Russia anatenga kwa wogulitsa wina ku Melitopol, m'dziko la Ukraine, atafika nawo ku Chechnya anakana kulira chifukwa anali atakiyidwa kuchokera kutali. Ambiri anaseka, nanenso ndinaseka, pakuti wakuba analira. Koma mlimi aliyense amene ali ndi thirakitala yotero anayenera kusiya kuseka msanga n'kudzifunsa kuti batani limenelo lili m'manja mwa ndani, nanga tsiku limene adzasemphane maganizo ndi mwini bataniyo zidzatha bwanji.

Ku Poland funsolo linayankhidwa poyera. Sitima zapamtunda za mtundu wa Impuls, zopangidwa ndi kampani ya Newag, zinkakana kunyamuka zikakonzedwa kugalaja ya kampani ina yopikisana nayo. Okonzawo atasowa pogwira anaitana akatswiri a gulu lotchedwa Dragon Sector, amene anakopera pulogalamu ya m'makompyuta a sitimazo n'kuiwerenga mzere ndi mzere kwa miyezi. Mu Disembala 2023 analengeza kuti anapezamo malamulo okiya sitima ikaima masiku angapo osayenda, ndiponso manambala a GPS olozera malo a magalaja a opikisana nawo. Newag inakana kuti sinaikemo zimenezo, ndipo nkhaniyo inafika kukhoti. Sindine woweruza wa mlandu umenewo. Chimene ndikutolapo n'chakuti dziko la ku Ulaya, lokhala ndi mainjiniya ake ndi maloya ake, linafunika anthu othyola loko kuti lidziwe chimene chili m'sitima zimene linagula ndi ndalama za misonkho. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife amene timalandira zipangizo zambiri ngati mphatso za mapulojekiti, ndani anawerengapo zimene zili m'kati mwake?

Yankho lachiwiri la ogulitsa ndi limene limandikwiyitsa kwambiri, chifukwa limanenedwa mwaulemu koma m'kati mwake muli chipongwe. Amati anyamata anu aononga. Pitani pamsika wa Limbe kapena ku Malangalanga mukaone anyamata okonza mafoni, ali pakabenchi ndi kagalasi kokulitsa zinthu, akuchotsa tchipi chochepa kuposa njere ya mpunga, akuikanso pulogalamu m'foni imene wina anali atataya kale. Palibe anawapatsa buku la fakitale. Ndipo mbiri yathu yomwe ili ndi umboni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, gulu la Baobab Health linatenga timakina totchedwa I-Opener, timene ku America tinapangidwira kungotsegulira intaneti ndipo malonda ake anali atagwa, n'kutitsegula, kutiika sikirini yogwira ndi chala, n'kutisandutsa makompyuta olembera odwala pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Zimenezo zinatheka chifukwa timakinato tinkatheka kutsegula ndi kusintha. Bokosi likanakhala lokiyidwa ngati la kusikimu kwathu, nkhani imeneyo sikanabadwa. Chaka ndi chaka MUBAS, MUST ndi makoleji a ntchito zamanja akutulutsa achinyamata odziwa kulemba pulogalamu pa timakompyuta ta Arduino ndi Raspberry Pi, kenako timawatumiza kukagwira ntchito yopukuta fumbi pa mapanelo ndi kuimbira foni wina wakunja nyale ikaphethira. Kenako timadabwa akakwera basi ya ku Johannesburg.

Mlandu wonse sindiukankhira kwa ogulitsa. Wamalonda amasunga chimene wogula sanachipemphe. Ndi mmene malonda alili. Nafenso tili ndi nthenda yathu, nthenda yosasunga. Pali zipangizo zimene ogulitsa anapereka zonse, mapasiwedi, mabuku, pulogalamu, koma zinathera mu laputopu ya munthu mmodzi amene pulojekiti itatha anapita nayo kwawo. Pali maofesi amene buku la makina limakiyidwa m'kabati ya bwana kuti lisade, wokonza makinawo osaliona mpaka atapuma ntchito. Gulu la Voyager linapulumutsa chombo chifukwa wina mu 1970-chakuti analemba zimene anachita, wina n'kusunga pepalalo zaka pafupifupi makumi asanu. Ife pepala la chaka chatha timalipeza atakulungira mandasi.

Kuti mudziwe kuti nkhaniyi si ya kusikimu kokha, kumbukirani zimene zinachitika ndi mamita a magetsi olipiriratu. Mamita a mtundu wa STS, amene ali m'maiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo kwathu kuno, amazindikira tokeni iliyonse powerenga mphindi kuyambira pa 1 Januwale 1993. Malo osungira nambala imeneyo amatha pa mphindi 16,777,216, ndipo mphindi zimenezo zinkathera pa 24 Novembala 2024. Mita yosakonzedwa ikanayamba kukana mayunitsi atsopano. Mamita ambiri otere alibe netiweki, choncho njira yowafikira inali zala zathu: aliyense analandira matokeni awiri a manambala 20, n'kuwabaya pa mita motsatana bwino. Kunali kukonza makina ali kutali kumene, kungoti chingwe chake chinali ine ndi inu, agogo ali ndi tochi, mdzukulu akuwerenga manambala pafoni. Zinatheka chifukwa STS ndi muyezo wolembedwa, umene opanga mamita osiyanasiyana amatsatira, ndipo tsiku la vutolo linadziwika zaka zambiri lisanafike. Tsono ganizirani zipangizo zina zonse zimene tadzaza m'zipatala, m'masikimu ndi m'mipopi ya madzi yolipira ndi kadi, chilichonse ndi chinsinsi cha kampani yake. Ndi zingati zili ndi tsiku lake lobisika ngati limenelo? Kampani ikagwa, kapena ikagulidwa ndi ina, kapena ikaona kuti Malawi ndi msika waung'ono wosayenera kuvutikira, adzatiuza ndani?

Palinso nkhani ya ndalama zakunja, imene m'dziko muno sifunika kuifotokoza. Ulendo uliwonse umene mlendo alowa m'kabokosi kathu n'kusintha nambala imodzi, invoisi yake imabwera m'madola, ndipo madola amenewo ndi omwewo amene tikulimbirana pogula mafuta, feteleza ndi mankhwala.

Choncho pempho langa likupita kwa amene amalemba matenda, kwa makomiti ogula katundu m'maunduna ndi m'makhonsolo, ndi kwa mabungwe othandiza amene amatibweretsera zipangizozi ndi mtima wabwino. Sindikupempha kuti kampani itipatse chinsinsi chonse cha malonda ake. Ndikupempha kuti pasasainidwe kontirakiti ya chipangizo chokhala ndi kompyuta m'kati popanda ndime yonena kuti mwini adzatha kuwerenga log ya chipangizo chake, ndi buku lomasulira tanthauzo la nyale iliyonse ndi nambala iliyonse ya vuto. Kiyi wolowera aperekedwe kwa mwini pa tsiku lolandira katundu, alembedwe m'kaundula wa ofesi, osati m'foni ya munthu. Ngati wogulitsa akufuna kumalowa kuchokera kutali, alowe mwini atavomera, ndipo asiye mapazi ooneka. Pulogalamu yeniyeniyo, ngati sangaipereke lero, isungidwe kwa mkhalapakati amene adzaitulutse kampaniyo ikadzatseka kapena ikadzasiya kuthandiza. Zimenezi zimachitika kale m'malonda a mapulogalamu m'maiko ena, si zachilendo. Ndipo pogula zipangizo zana, chimodzi chipite kukoleji yapafupi kuti ophunzira achitsegule, achiononge, achikonzenso, monga mmene a Pathfinder anasungira chombo chachiwiri m'labotale. Chimodzi pa zana. Timataya zoposa pamenepo pa zakumwa za pamwambo wotsegulira.

Wina adzati zimenezi zikweza mtengo. Mwina pang'ono. Koma mtengo wa bokosi lokiyidwa tikulipira kale, kungoti sulembedwa pa tenda. Kusikimu kwathu unalembedwa pa maluwa a tomato amene anayoyoka ndi pa misana ya amayi amene anabwerera kudambo. Kuchipatala umalembedwa pa makina amene akhala pakona miyezi, atafunditsidwa nsalu, akudikira injiniya wa pa ndege.

Pampu itadzuka, atcheya anandipempha kuti ndilembe kalata ku kampani ija, popeza ndine wa zolembalemba. Ndinalemba mwaulemu wonse, kupempha pasiwedi yongowerengera, osati yosinthira kanthu, ndi pepala lomasulira kuphethira kwa nyale. Anayankha patatha mwezi kuti zimenezo ndi za ogwira ntchito awo okha, ndipo anatikumbutsa kuti kutsegula bokosi kumathetsa chitsimikizo. Chitsimikizocho chinali chitatha kale chaka chimodzi m'mbuyomo.

Gulu tsopano likusonkha zogulira pampu yachiwiri ya kumunsi kwa sikimu, ndipo makampani atatu abweretsa mitengo yawo. Komiti ikumana Loweruka pansi pa mtengo wa mango wa kwa atcheya. Mwana wa mlongo wanga wapemphedwa kuti adzakhalepo, ndipo wanena kale kuti adzabwera ndi kachingwe kake kaja, kuti wogulitsa aliyense adzatsegule bokosi lake pamaso pa anthu tisanayambe kukamba za mtengo.